Wophunzira Wotsiriza wa Ersilia

Mchimwene wanga Ottavio anathera moyo wake wonse akunyamula ana a anzake kupita nawo ku mayeso, koma iye mwini anakalowa m'chipinda cha mayesocho imvi zili mbuu. Ine ndine Palmira, mchemwali wake, wa kasitolo ka manyuzi, makope ndi zolembera koyang'anizana ndi tchalitchi. Ndinkamusambitsa ndine ali khanda, ndiye wina asandiuze kuti ndimunene mwaulemu.

Mudzi wathu uli pamwamba kwambiri m'mapiri a Abruzzo, ndipo sekondale kulibe. Mwana wofuna sukulu amatsikira kutauni pa basi kusanache. Ottavio ankatsika nawo, ndipo mutu wake unkagwira ndithu. Koma m'chaka chake chomaliza, mu Febuluwale, bambo athu anagwa padenga la nyumba ya eni imene ankafolera, osadzukanso. Maturita, mayeso aakulu otsekera sekondale aja, anali mu Juni. Ottavio anatsekera mabuku m'bokosi n'kukayamba ntchito yotsuka mabasi, kenako anaphunzira kuwayendetsa. Sanadandaulepo, ndipo n'zimene zinkandikwiyitsa. Munthu wosadandaula amatichititsa manyazi ife odandaulafe.

Basi imene anampatsa inali yomweyo ya ana asukulu. M'menemo ndi mmene anapeza Ersilia, mphunzitsi wa Chitaliyana, kamtsikana kowonda kochokera m'mudzi wa kuseri kwa phiri. Ankakhala mpando wakutsogolo, kumbuyo kwa dalaivala, zimangirizo za ana zili pamiyendo, akuchonga ndi pensulo ija imene aphunzitsi athu onse akale sankasiyana nayo: mbali ina yofiira, ya zolakwa zing'onozing'ono, mbali ina yabuluu, ya zolakwa zochititsa manyazi mtundu wonse. Pokhota paliponse Ottavio ankachepetsa liwiro kuti dzanja la mtsikanayo lisaphonye mzere. Msewu wathu ndi wokhotakhota kuyambira pamwamba mpaka pansi, choncho ana anachedwa kusukulu chaka chonsecho, mpaka awiriwo anakwatirana, basi n'kuyambiranso kufika nthawi yake.

Mphatso ya mwana Mulungu sanawapatse. Ersilia ankati ali nawo ambiri kale ana, ndipo amasintha chaka ndi chaka. Ine ndi mlamu wangayo sitinkamwerana madzi kwenikweni. Tsiku lina ndinamata chidziwitso pazenera la sitolo yanga, iye podutsa anatulutsa pensulo m'chikwama n'kudula mzere wabuluu pansi pa mawu anga, anthu akuona. Ndinamukwiyira mpaka Pasaka. Koma mchimwene wanga ankamukonda mkaziyo mopusa, ndipo nayenso ankamukonda Tavio wake, monga ankamutchulira. Izi ndinazivomereza, ngakhale ndinazivomereza mochedwa.

Chakudza sichiimba ng'oma. Onse awiri atapuma pantchito, Ersilia anabwera m'mawa wina kudzagula nyuzi, ndinamupatsa. Posakhalitsa anabweranso kudzagula nyuzi yomweyo, yoyamba ija ili m'khwapa. Ndinaganiza kuti akundiyesa. Patapita miyezi anayamba kuvala jekete yake yotuwa n'kukaima pokwerera basi, chikwama m'manja, kudikira kupita kusukulu imene anaisiya kalekale. Dokotala wa kutauni ananena mosapita m'mbali kuti matendawa alibe mankhwala, amadya za dzulo kaye, kenako za chaka chatha, mpaka munthu kuiwala amene amagona naye nyumba imodzi. Pofika chilimwe chotsatira Ersilia ankangokhala pazenera tsiku lonse, manja pamiyendo, osayankhula. Pakamwa paja, pamene pankanjenjemeretsa makalasi athunthu, panangoti zii. Zinandimvetsa chisoni, ine amene ndinkapempherera kuti mkazi ameneyu atakhalako chete tsiku limodzi.

Ndiye kunamwalira dalaivala mnzake wa Ottavio, ndipo anzake anamupempha kuti akayankhule kumaliro. Analemba mawu ake papepala n'kulisiya patebulo. Pobwera kuchokera kumunda anapeza pepalalo lili buluu yekhayekha, Ersilia atavala magalasi, maso ali gwa.

"Tavio, munthu wafa kale, iwe ukufuna umuphenso ndi chiganizo chimenechi? Chayambira pano, chathera kuti? Khala pansi."

Masana onsewo anali Ersilia wakale. Anamukalipira, anamuseka, anamukumbutsa za tsiku limene basi inatitimira m'chipale chofewa iwo n'kudyera limodzi buledi ndi tchizi. Kutada anabwerera pazenera paja. Koma Ottavio anali ataona khomo.

M'mawa mwake anafika m'sitolo mwanga n'kupempha mtolo wa mapepala aakulu a chimangirizo, aja timawapinda pakati kuti mwana alembe mbali imodzi, inayo itsalire mphunzitsi.

"A mwana wa ndani?" ndinafunsa.

"Anga. Ndakalembetsa sukulu yamadzulo kutauni. Juni akubwerayu ndilemba maturita."

"Wapenga eti? Tayasamula tione mano atsala angati."

"Mayeso salemba ndi mano, achemwali."

"Ndiye satifiketiyo ukaionetse kwa ndani? Kwa wokumba manda?"

"Sindikufuna satifiketi ine," anatero uku akupinda pepala limodzi mosamala. "Ersilia akufuna mwana woti aziphunzitsa. Akagwira pensulo ija amabwerera. Ndikufuna azibwerera."

Ndinamupatsa mapepalawo, koma ndinamuuza kuti anthu amuseka. Anamusekadi, ndipo woyamba ndinali ine.

Maphunziro enawo, masamu ndi zina, ankakalimbana nawo kutauni madzulo, ine n'kumakhala ndi mlamu wanga. Koma Chitaliyana chinali cha kukhitchini, m'mawa akamwa khofi. Ersilia sankadziwa ngati wadya kapena ayi, koma alakatuli akufa onse aja anali nawo m'mutu, wina pambuyo pa mnzake, ndi zaka zawo zobadwa. Ankalakatula ndakatulo yonse maso ali chitsinzire, kenako n'kufunsa, "Wamvapo chiyani?" Ottavio ankalemba mmene ankayendetsera basi, pang'onopang'ono, kuima paliponse. Pepala likabwerera lili buluu ankasangalala ngati wapatsidwa mphoto, chifukwa buluu wambiri ankatanthauza kuti tsiku limenelo mkazi wake anali maso. Miyezi imeneyo inali yabwino. Ersilia anayambiranso kukanda pasta Lamlungu, ndipo tsiku lina anandiuza kuti diresi langa silikundikhala. Ndinapita kunyumba ndikuthokoza Mulungu.

Kusukulu zathu mphunzitsi saitana mwana ndi dzina lake, amamuitana ndi dzina la bambo, ndipo lathu ndi Petrella. Cha m'ma Khirisimasi Ersilia anayamba kunena kuti, "Petrella, werenga." Poyamba tinkayesa nthabwala, ndipo Ottavio ankathandizira, kuimirira mkazi wake akalowa m'khitchini n'kumati, "Mwadzuka bwanji aphunzitsi?" Onse awiri ankaseka. Kenako tinazindikira kuti akuseka ndi mmodzi.

Lamlungu lina mu Januwale anabwera kudzadya kwathu. Msuzi wa tomato unadonthera pachibwano cha Ersilia, ndipo Ottavio anatenga kansalu kuti amupukute, monga ankachitira masiku onse. Ersilia anamumenya dzanja, phaa!

"Petrella! Ulemu unausiya kuti? Ine ndine mkazi wa mwini. Mwamuna wanga ndi dalaivala wa basi, akangomva zimenezi uona."

Ottavio anayang'ana m'mbale. Kenako anafunsa chapansipansi, "Ali kuti amuna anuwo, aphunzitsi?"

"Ali pamsewu. Kwagwa chipale, ndiye akuyenda pang'onopang'ono. Amasamala kwambiri pokhota."

Ndinanyamuka n'kupita kukhitchini ngati ndikukatenga mchere. Ndinalira nditatsamira sinki, ndipo ndinatsegula mpopi kuti asandimve.

Kuyambira tsiku limenelo Ottavio anasamukira m'kachipinda kakang'ono kosungiramo mbatata ndi mafuta a azitona. Kwa Ersilia zinali zomveka bwino. Kale aphunzitsi ankasunga ana ochokera kumidzi yakutali m'nyengo yozizira, mwana n'kumagona pakhomopo, kuwaza nkhuni ndi kutunga madzi mpaka mayeso atatha. Petrella anali mwana wotero. Ankaphika, kuchapa, kumupatsa mankhwala, ndipo Ersilia ankauza aliyense kuti sanaonepo mwana waulemu chonchi, kungoti ndi wochedwa kumva.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Ndinamuuza mchimwene wanga kuti asiye.

"Masewera akowa ndi amene amusokoneza. Unkafuna kubweza mkazi, wabweza mphunzitsi. Bisa mabukuwo."

"Ndikabisa atsala ndi ndani?" anatero. "Tavio anapita kale, achemwali, sindine ndinamuthamangitsa. Amene amaloledwa kulowa m'nyumba muja ndi Petrella yekha."

Mabukuwo anakhalabe patebulo.

Mu Malichi, mayeso akamayandikira, ana onse a chaka chomaliza amapita kutchalitchi cha woyera mtima wa patsinde pa phiri kukadalitsitsa zolembera. Kwa zaka zambirimbiri Ottavio ankawapititsa kumeneko, iye n'kutsala m'basi akudya buledi wake. Chaka chimenecho analowa nawo, nanenso ndinapita, poti theka la zolemberazo zinali zogula kwa ine. Ana ankamutchula kuti Agogo, ankamupatsa kanyenya wa nkhosa ndi kumupempha kuti pamayeso adzakhale pafupi nawo. Wansembe atakweza dzanja, tchalitchi chonse chinakweza zolembera m'mwamba. Ndinayang'ana mchimwene wanga. Chake chinali m'thumba la malaya. Chimene anakweza chinali kapensulo kofupika, kofiira uku, kabuluu uku.

Pofika Juni amuna onse okamwa khofi pabwalo anasanduka akatswiri. Chaka chilichonse amatero, kulosera kuti pamayeso patuluka mlakatuli uti, ngati akulosera mpira. Wina amati patuluka uja anafa zaka zana zapitazo, wina amati ayi, ameneyo anatuluka chaka chatha. Anthu oti buku lomaliza anatsegula ali ndi tsitsi. Onse ankamufunira zabwino Ottavio, ndipo wometa analonjeza kumumeta ulere akakhoza. Ottavio ankangomwetulira. Tsiku lina anatsalira m'sitolo mwanga makasitomala atatuluka.

"Achemwali, ndikufuna ndilephere."

"Wati chiyani?"

"Dzulo Ersilia anandiuza kuti mayeso akatha ndizipita kwathu. Wokhoza amapita. Wolephera amabwereza."

"Chaka chonse ukutsika ndi kukwera phiri ngati mbuzi, lero ukuti ulephere? Bambo akanamva!"

"Bambo sakumva. Ersilia ndiye akumva."

Tsiku la chimangirizo ananyamula dikishonale yake yaikulu ija, chinthu chokhacho chimene amalola kulowa nacho, atatsimikiza kuti akalemba zopanda mutu. Anatuluka masana ali wamanyazi ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Anati anawapatsa ndakatulo ya munthu wodikira pakhomo wina amene sakubwera, ndipo dzanja linamukanira kulemba zopusa. Analemba, n'kulemba, n'kukopera bwinobwino papepala loyera. Panatsala mayeso apakamwa. Pamenepo anati n'zosavuta, akangokhala duu.

Mayeso apakamwa kwathu kuno sabisa. Chitseko chimakhala chotsegula, achibale amakhala kumbuyo, ena amadikira panja ndi maluwa ndi vinyo wa thovu. Tinapangana kuti Ersilia atsale kunyumba ndi ine. Koma m'mawa wa tsikulo, munthu amene sankadziwa mwezi kapena chaka tinamupeza ataima kale pokwerera basi, jekete yotuwa ili pathupi, tsitsi atalimanga.

"Lero ndi tsiku la Petrella," anatero. "Mphunzitsi sasiya mwana wake yekha pamaso pa alendo."

Panalibe womubweza. Anakwera, n'kukhala mpando wake wakale kumbuyo kwa dalaivala, ndipo njira yonse ankatembenuka kumufunsa Petrella zaka za alakatuli.

M'chipindamo matebulo anawayala ngati khola lotseguka mbali imodzi, aphunzitsi oyesa atakhala mozungulira, mpando wa woyesedwa uli pakati. Wapampando anali mayi wina wochokera kutauni ina. Mmodzi mwa aphunzitsiwo, a Lattanzi, anaphunzitsidwa ndi Ersilia ali mwana, ndipo atamuona akulowa anawerama mutu. Ife tinakhala kumbuyo. Anaitana, "Petrella Ottavio," n'kumuikira ndakatulo patsogolo.

Ottavio anakhala duu, monga ananenera. Wapampando anamulimbikitsa kuti asaope. Duu. A Lattanzi anamuyambira chiganizo kuti angomaliza. Duu. Ndiye pambali panga ndinamva go, go. Anali Ersilia, akugogoda mpando ndi pensulo, mmene ankachitira kukhitchini mwana akamagona. Ottavio anacheuka. Nkhope ya mlamu wanga inali itagwa, akunong'ona yekha mawu oyamba a yankho. Sanali wokwiya. Anali ndi manyazi, manyazi a mphunzitsi amene mwana wake wamugwetsa pamaso pa anzake.

Mchimwene wanga akanatha kupirira zambiri, koma osati zimenezo. Anatembenuka n'kuyamba kuyankhula. Sindinganame kuti anadabwitsa dziko. Anaphonya chaka china, a Lattanzi n'kumukonza, ndipo pa masamu anapunthwa ndithu. Koma pa ndakatulo ija anayenda bwino, pang'onopang'ono, osasiya kanthu m'mbuyo, ndipo Ersilia ankagwedeza mutu pa mfundo iliyonse, msana utawongoka.

Pamapeto pa mayeso amenewa pamakhala funso limodzi limene silili m'buku, ndipo mwana aliyense amafunsidwa. Wapampando atangotseka cholembera chake kuti alifunse, Ersilia ananyamuka n'kuyenda mpaka kumatebulo kuja. Ndinafuna kumugwira jekete, koma a Lattanzi anali ataimirira kale n'kumukokera mpando wawo. Anakhala, n'kuika manja patebulo.

"Chabwino, Petrella. Sukulu yatha. Tsopano uchita chiyani?"

"Sindikudziwa, aphunzitsi. Ndimafuna nditakhalabe."

"Iyayi. Onse amatero, kenako amapita, ndipo n'zoyenera. Mnyamata ngati iwe usakalambire pakhomo pa eni." Anamupatsa dzanja. "Pita bwino, mwana wanga. Wandisangalatsa."

Panja ana anamuthira vinyo wa thovu m'mutu akukuwa kuti, "Agogo! Agogo!" Iye anaima pakati pawo atagwira maluwa, madzi akutsika kumaso, ndipo anawo ankayesa ndi vinyo.

Titafika kumudzi Ersilia analowa m'nyumba mwachangu. Pamene Ottavio ankamaliza kukwera masitepe, anapeza zovala zake zili m'chikwama pakhomo, dikishonale ili pamwamba, ndi kamphika ka nyemba kokulunga m'nsalu koti adye panjira.

"Mayi ako akukudikira," anatero Ersilia. "Mwamuna wanganso afika posachedwa, si bwino apeze mnyamata m'nyumba mayeso atatha." Anatseka, n'kukhoma.

Matenda amenewa ndi ankhanza, ndipo amasankha. Mkazi woiwala kuti mbaula yayaka sanaiwale kuti Petrella anamaliza. Ottavio akagogoda ankamuyankhira pazenera, mwaulemu, kuti zikomo pobwera kudzaona mphunzitsi wako, koma pita. Ndinasamukira kumeneko ine kuti ndizimusamala, Ottavio n'kumagona kwanga. Ersilia anabwerera pazenera paja, chakudya changa ankachikankha, mankhwala ankalavula. Mchimwene wanga ankakhala pabenchi ya tsidya la msewu kuyambira m'mawa, chipewa chili pamaondo, kuyang'ana zenera la nyumba yake yomwe.

Zotsatira amazimata pachitseko cha sukulu. Iye anakana kupita, ndiye ndinatsika ndine. Ndinadzipanikiza pakati pa ana, ndikuyendetsa chala pamndandanda mpaka ndinalipeza dzina la bambo athu. Anakhoza, ndipo anakhoza bwino. Ndinaganiza za bokosi la mabuku lija, ndi mnyamata wotsuka mabasi m'madzi ozizira, ndipo ndinalira mokweza pamenepo, nkhalamba pakati pa ana a eni.

Ndinamupeza pabenchi pomwepo n'kumuuza. Anagwedeza mutu, n'kufunsa kuti, "Ersilia wadya lero?" Ndinati ayi. Ananyamuka, n'kupita kwanga kukameta ndevu ndi kuvala malaya oyera. Kenako analowa m'sitolo, anatenga pepala limodzi la chimangirizo n'kulipinda pakati. Ndinamutsatira mpaka pamasitepe. Anagogoda.

"Ndani?"

"Petrella, aphunzitsi."

"Ukufunanso chiyani?"

"Zotsatira zatuluka." Anayang'ana pepala lopindidwa lija. "Ndalephera."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe kuti bodza, kuti ndaona ndi maso angawa, kuti munthuyu wadikira moyo wake wonse. Anandiyang'ana, ndipo ndinatseka. Kenako tinamva kiyi akutembenuka. Ersilia anaima pakhomo atavala magalasi, akumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo maso ake anali amoyo.

"Ndinadziwa ine," anatero. "Ungakhoze bwanji? Chaka chonse m'malo moyang'ana m'buku umangoyang'ana ine. Pukuta mapaziwo, ulowe. Tiyambira poyamba."

Ottavio anapukuta mapazi n'kulowa. Ine ndinatsika ndekha kukauza wometa ndi anzake a pabwalo aja kuti aliyense amene adzamuyamikire mchimwene wanga pamaso pa mkazi wake adzaonana ndi ine.